Tsiku Limene Nkhumba ya a Mwale Inasiya Kulira

Tinanyamuka ku Zemba Lachinayi m'mawa dzuwa lisanakwere. Munali m'zaka za m'ma 1950, kumapeto kwa chilimwe, chizimalupsa chitagwa kale n'kuuma. Galimoto imene inkafika kwathu inali imodzi yokha, lole ya mwini sitolo wina wa ku Fort Jameson, kumene lero mukuti ku Chipata. Inkabwera Lachitatu ndi mchere, sopo ndi nsalu, n'kubwerera Lachinayi ndi matumba a mtedza, anthu atakhala pamwamba pa matumbawo. Woyendetsa anali a Mwale, bambo wamfupi, wosakonda kuseka, amene anaphunzira ntchitoyi ku usilikali. Dzina lenileni la loleyo sindilidziwa mpaka lero. Tonse tinkangoti Nkhumba ya a Mwale, chifukwa akangoponda mabuleki inkalira ngati nkhumba imene akuimanga miyendo.

Ulendowu sunali wokaona tauni. Ndinkapita kukatenga akulu anga, a Esinati, amene anatengedwa chitengwa kwa Mlolo. Anali oyembekezera, ndipo mwezi wawo unali womwewo. Ana awo awiri oyamba anabadwira m'mudzi, onse anabadwa osalira, ndipo azimayi okhaokha anakawaika kudambo. Namwino amene anawaona anati ulendo uno akadikirire kuchipatala cha ku tauni. Alamu anga anali ku ntchito ku Halale, choncho udindo unagwera ine. Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali mtsinje wa pakati pa kwa Mlolo ndi ku Chadiza. Unalibe mlatho, ndipo mvula ikayamba unkatseka njira kwa masabata angapo. Lole ya Lachinayi limenelo inkatha kukhala yomaliza.

Sabata yathayo ndinali nditatumiza mawu kudzera mwa munthu wa panjinga, ndipo yankho linabwera lalifupi: "Katundu ndidzamangiratu. Nkhumba ikadzalira paphiri ndidzanyamuka, tidzakumana pamkuyu." Umo ndi mmene aliyense ankachitira kumeneko. Wotchi analibe, mudzi unali patali ndi msewu, koma lole ikayamba kutsika chiphiri chachitali chija kulira kwake kunkamveka chigwa chonse, ndipo munthu ankatha kutseka chitseko n'kuyenda mosathamanga mpaka kumsewu. Mawu amenewa ndinawamva bwinobwino. Muona mmene ndinawaiwalira.

Mtengo wa ulendo unali mashereni anayi, nkhuku tiki, kandalama ka makobiri atatu, njinga sheleni. A Mwale atamva za akulu anga anandilola kukhala kutsogolo kuti ndiwasungire malo. Aka kanali koyamba kukhala pafupi ndi chiwongolero, ndipo maso anga sanakhazikike. Amayi ankati ndinabadwa ndi funso pakamwa. Makina anga osokera a pamanja ndinali nditawamasula kawiri konse popanda chovuta chilichonse, kungofuna kuona chimene chimakoka ulusi wa pansi.

Potsetsereka poyamba Nkhumba inalira, nkhuku za kumbuyo n'kuyankha.

"Bambo, kodi chimalira n'chiyani kwenikweni?" ndinafunsa.

"Mabuleki."

"Inde, koma m'mabulekimo n'chiyani chikulira? Chikumva kuwawa?"

Anandiyang'ana cham'mbali. "Chikumva kuwawa ndi mutu wangawu, mayi. Abwana andiuza kuti mawa m'mawa galimoto ikukayesedwa kwa mzungu woyesa magalimoto. Ikakalira chonchi pamaso pake aichotsa pamsewu, ine n'kubwerera kukagwira khasu. Tiima pasukulu apo. Pali mmisiri wa matabwa ali ndi tupa ndi pepala lokhulira."

Dzuwa litakwera pang'ono tinaima pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi sukuluyo. Anthu anatsika akudandaula za kuchedwa, koma ine mumtima ndinkavina. Pakati pa okwera panali a Sakala, mkulu wa mpingo wa kwathu, munthu wa jekete ngakhale kutenthe bwanji, amene ankapita ku Chadiza ndi njinga yawo. Iwo ndiwo anayamba kupereka nzeru.

"A Mwale, musadzivute n'kumasula. Ngolo yanga ikamalira ndimangothira mafuta a nsatsi pagudumu, basi yatonthola."

Ine ndinaona kuti mwayi wanga wafika. Ndinatulutsa kabotolo ka mafuta a makina kamene ndinkafuna kukadzazitsa ku tauni. "Ansatsi ndi olemera, bambo. Awa ndi opepuka, amalowa paliponse. Makina anga akangoti tswii, dontho limodzi lakwana."

A Mwale anaika sipanala pansi. Anayang'ana a Sakala, anayang'ana ine, kenako anayang'ana kumwamba ngati akufunsa chimene analakwa.

"Abambo a mpingo, ndikudziwa kuti mumatiphunzitsa za kumwamba, koma sitikufuna kupitako lero. Ngolo yanu imaimitsidwa ndi ng'ombe. Iyi imaima chifukwa cha kukhulana. Mukathira mafuta itonthola ndithu, ndipo tonse titonthola nayo m'munsi mwa phiri. Mayi, bwezani kabotolo m'thumba, musakatulutsenso."

Anthu anaseka, ine manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Koma manyazi sanathetse chidwi. Ndinakhala pamwala pafupi pomwepo, ndipo a Mwale ataona kuti sindichoka anandipatsa chipewa chawo kuti ndiziikamo manati.

Anatsekera magudumu ndi miyala, anakweza lole ndi jeke, n'kuchotsa gudumu la kutsogolo. Kumbuyo kwake kunali chitsulo chozungulira chonga mphika waukulu wovundikira. Anachimenya ndi hamala m'mbali kangapo, chinasuntha, ndipo atachikoka munagwa fumbi lodzaza manja awiri, lina lofiira la mumsewu, lina lakuda. M'kati munali zitsulo ziwiri zopindika ngati mwezi watsopano, zokutidwa ndi chinthu cholimba chonga chikopa chouma. Anati zimenezo amazitcha nsapato. Ukaponda buleki, nsapatozo zimatambasuka n'kukanikiza mphikawo m'kati, gudumu n'kuima.

"Ndiye cholira n'chiti?" ndinafunsanso.

"Zitatu. Fumbi ili ndi loyamba, ndipo ndiye mfumu yake. Chachiwiri, gwirani apa."

Ndinagwira. Chikopa chija chinali choterera, chonyezimira ngati pansi pa mbale yadothi yozira bwino.

"Chapsa n'kutentha. M'malo mogwira chimangotsetsereka n'kumanjenjemera, kunjenjemerako ndiko mumamva. Chachitatu ndi ka msomali aka ka mkuwa. Katulukira mutu, kakukanda chitsulo."

"Nanga fumbi limalowera pati, poti mphikawu ndi wotseka?"

Apa ndinaona kuti funso langa lawakomera pang'ono. Anandionetsa kabowo kumbuyo kwa gudumu, kokwana chala chachikulu, kolowetsera chitsulo chosinthira mabuleki. Anati kanali ndi kachivindikiro ka mphira, kanataika kalekale.

Ntchito yake inali yosavuta kuiona, koma yodya nthawi. Anabwereka pampu ya njinga ya a Sakala n'kupopera fumbi lonse kunja, atatiuza kuti tiime kumene kukuchokera mphepo chifukwa fumbi lakudalo ndi loipa m'chifuwa. Anakhula chikopa chija ndi pepala la mmisiri mpaka kunyezimira kunatha. Anasema m'mphepete mwake ndi tupa kuti musakhale mwakuthwa. Ka msomali kaja anakakhomera m'kati. Pomaliza anatenga girisi pa nsonga ya kachitsotso n'kupaka pamene chitsulo chimagona pa chitsulo chinzake, kumbuyo kwa nsapato.

"Aha! Si mafuta amenewo?" anatero a Sakala, nkhope itawala.

"Ndi mafuta, koma onani pamene ndapaka. Mchere umapita m'ndiwo, abambo a mpingo, osati m'maso."

Anachita chimodzimodzi magudumu onse anayi. Mkazi wa mmisiri uja anatigulitsa zitumbuwa, ziwiri kobiri, ndi thobwa la m'chikho. Ine ndinadya nditaimirira kuopa kuphonya kanthu. Manati ndinawawerenga ndi kuwabweza onse osasowa ndi limodzi lomwe, ndipo ndinadziona ngati theka la makaniko. Pa nthawi yonseyi za akulu anga sizinabwere m'mutu mwanga ngakhale kamodzi. Ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Tinanyamukanso dzuwa litapendeka pang'ono kuchoka pamutu. Cha kumwera, mbali ya dziko la Apwitikizi, mitambo inali itayamba kuunjikana. A Mwale anathamangitsa lole pang'ono n'kuponda buleki. Zii. Anapondanso. Zii. Kumbuyo anthu anaomba m'manja, mayi wina analuluta, ndipo ndinaona mano a a Mwale koyamba.

Chiphiri cha kwa Mlolo tinachitsika mwaulemu ngati tikupita kuukwati. Ndinkamva injini yokha ndi nyenje za m'tchire. Ndinali ndikufunsabe a Mwale kuti phazi lawo limafika bwanji ku magudumu anayi nthawi imodzi pamene tinafika pamkuyu.

Panalibe munthu. Masiku onse pamenepo pankadzaza azimayi a mazira ndi nthochi, ndi anthu a akatundu awo. Tsikulo panali mbuzi ziwiri. Patali ndinaona mayi wina ali ndi mtsuko pamutu. Anaima, anatiyang'ana, anatula mtsukowo n'kulowa m'tchire.

A Mwale analiza huta katatu.

"Lekani, mukuonjeza!" anakuwa a Sakala kuchokera pamwamba. "Kuno galimoto yobwera mwakachetechete n'kuyamba kuliza huta ndi ya anthu a boma oyendera migula, mizere yotchinga madzi m'minda. Amene sanakumbe migula amatengedwa. Mudzi wonse ubalalika tsopano."

Apo m'pamene mawu a akulu anga anandibwerera. Nkhumba ikadzalira paphiri. Ndinali nditakhala pamwala maola onse aja, chipewa cha manati pamiyendo, ndikuthandiza kutseka pakamwa pa chinthu chokhacho chimene akulu anga ankachidikirira.

Ndinawafotokozera a Mwale mawu akuthamangitsana. Iwo anayang'ana mitambo ija, imene tsopano inali yakuda bii, mphenzi zikung'anima m'munsi mwake.

"Mvula imeneyo ikugwa kumtunda kwa mtsinje. Madzi akatipeza tisanawoloke, tigona kuno tonse, ndipo galimoto mawa siyesedwa. Thamangani, mayi. Koma sindilonjeza kudikira nthawi yaitali."

Ndinamanga chitenje n'kuthamanga. Kanjira kanali kodutsa m'minda yolimidwa kale yodikira mvula. Nditafika m'mudzi ndinapeza zitseko zotseka, musi uli mumtondo, mphale itamwazika nkhuku zikudya. Pakhonde pa akulu anga panali mtolo wawo womangidwa bwino, mphasa yokulunga, kampoto ndi nsalu zimene ndinawasokera za mwana. Mwini wake panalibe.

Ndinaitana. "A Esinati! Ndine Rute! Akulu anga!" Mphepo ya mvula inali itayamba, mawu anga inkangowabweza. Ndinathamangira kunkhokwe, kukhola, kuchitsime. Madimba a mudziwo anali kutali m'mabango, mbali ziwiri za chigwa, ndipo sindinkadziwa kuti ndilowere kuti. Kenako ndinamva injini ikulira kumsewu. Ndinaima n'kumvetsera. Phokoso lake linkachepa, likupita kutali.

Ndinakhala pansi pakhonde pafupi ndi mtolo uja n'kuyamba kulira. Ndinakwiyira a Mwale, ndinakwiyira mzungu woyesa magalimoto amene sindinamuonepo, koma koposa ndinadzikwiyira ndekha ndi mafunso anga. Ndinkaona azimayi akupitanso kudambo kachitatu.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Kenako kuchokera pamwamba pa phiri kunabwera mawu amene ndinkawadziwa kuyambira kale, aatali, oboola m'makutu, oipa kuposa masiku onse. Nkhumba inkalira. Inalira, inapuma, inaliranso, ikutsika pang'onopang'ono.

Mudzi unadzuka ngati wina wautsegula. Anthu anatuluka m'mabango, kuseri kwa zulu, wina anatsika mumtengo, onse akuseka ndi kunenana za mantha. Azimayi anathamangira mazira awo. Ndipo kanjira ka kumadimba ndinaona akulu anga akubwera, dzanja lina pamsana, lina litanyamula masamba a maungu.

"Iwe Rute, wafika bwanji kuno galimoto isanafike? Nanga ukuliranji? Nyamula katunduyo, sukumva Nkhumba?"

Anati anadikira m'mawa wonse, ndipo dzuwa litafika pamutu osamva kanthu anaganiza kuti lole sibwera sabata imeneyo, n'kupita kukathyola ndiwo. Kumeneko n'kumene anamva kuti kwabwera galimoto ya migula.

Pamkuyu tinapeza a Mwale ataima pambali pa lole, manja ali ofiira ndi dothi mpaka m'zigongono, nkhope itabwerera mwakale.

"Musandifunse mafunso, mayi," anatero ndisanatsegule pakamwa.

A Sakala ndiwo anandiuza. Nditangochoka, a Mwale anayenda uku ndi uku, kenako anatembenuza lole n'kukwera phiri lonse. Pamwamba anagona pansi, anatapa fumbi la mumsewu n'kulithira ndi dzanja m'kabowo kaja, gudumu lililonse, fumbi lomwe analipopa m'mawa wonse.

Titawakweza akulu anga kutsogolo, ine ndinafinyikira pakhomo. Ndinapirira mtunda waung'ono, kenako funso linatuluka lokha.

"Nanga mzungu uja mawa?"

"Ndidzuka tambala woyamba n'kumasulanso. Ntchito ndi yomwe ija. Kungoti wosunga manati ndilibe."

Pamtsinje tinapeza madzi atayamba kale kufiira, akubwera ndi zinyalala. Amuna atatu anatsika n'kuyenda kutsogolo kuyesa kuya kwake, a Sakala atapinda buluku koma jekete ali nalo. Madzi anafika m'mawondo. Lole inalowa, inagwedezeka, akulu anga anandifinya dzanja mpaka zala zinachita dzanzi, ndipo tinatulukira tsidya linalo. Mabuleki atanyowa anatonthola kanthawi. Ndinafuna kufunsa chifukwa chake, koma ndinadziletsa.

Ku Chadiza tinafika chakumadzulo. Masiku amenewo panali nyumba zowerengeka za malata, masitolo ochepa ndi kamsika. Ndinagula tiyi makapu awiri ndi mabanzi, zonse sikisipensi, ndipo akulu anga anadya banzi lawo ndi theka la langa. A Sakala anatsitsa njinga yawo, anaima pang'ono, kenako anamasula pampu n'kuipereka kwa a Mwale.

"Mudzandibwezera Lachitatu. Mafuta a nsatsi sindikupatsani."

Kuchoka apo msewu unali wa mabampu okhaokha, ndipo a Mwale ankayendetsa mosamala ngati anyamula mazira. Kumbuyo kwathu thambo linali litatsekeka. Tinalowa mu Fort Jameson dzuwa likulowa, Nkhumba ikulira pa mphambano iliyonse, anthu a m'tauni akutembenuka ndi kutseka makutu. A Mwale sanapite kusitolo kaye. Anatitula pachipata cha chipatala penipeni, ndipo mlonda anabwera akukalipa kuti phokoso limeneli lidzutsa odwala.

Ndinamva pambuyo pake kuti galimoto inayesedwa n'kupambana, ili chete. Koma Lachitatu lotsatira sinafike kwa Mlolo kapena ku Zemba. Mtsinje uja unadzaza tsiku lomwe tinawoloka, ndipo a Sakala anadikira pampu yawo masabata atatu.

Akulu anga anayamba kudwala patapita masiku asanu ndi atatu. Mwana anali atagona mopingasa, ndipo namwino anaitana dokotala. Ine anandisiya pakhonde. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndikumvetsera. M'kati munkamveka mapazi ndi zitsulo, kenako munangoti zii, bata lomwe lija ndinalimva kawiri m'mudzi. Ndinagwira benchi ndi manja onse.

Kenako mwana analira. Kamawu kakuthwa, kaukali, kosapuma, kanamveka mpaka kuchipata kwa mlonda uja.

Ndakhala ndikusoka zaka zambiri, ndipo chilichonse chikalira m'nyumba mwanga ndimathamangira kabotolo ka mafuta. Koma kuyambira ulendo umenewo, ndisanatontholetse kanthu ndimayamba ndafunsa ngati palibe wina amene akudikirira kulira kwake. Tsiku lija namwino anatulukira pakhomo akupukuta manja n'kundiuza kuti ndi wamkazi, ndipo kuti pakamwa pake mpaphokoso zedi. Ine ndinati, "Musiyeni alire."